Tenanti wa pa Foni

Chulu, Kasungu
8 Okutobala 2023

Mwana wanga Mervis,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Lilongwe. Kuno tili bwino, kupatula msana wa amayi ako umene umadwala pokhapokha ikafika nthawi yothirira nazale. Fodya wamera bwino, mabedi onse abiriwira, ndipo chitsime cha kudambo sichinaphwe ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Ndikudziwa useka kuti bambo ako akulemba kalata masiku ano. Seka. Pa foni iwe umayankhula ngati akukuthamangitsa, ine ndisanamve chiyambi wafika kale kumapeto, kenako mayunitsi atha. Nkhani ya mutu imafuna pepala. Moffat, woyendetsa minibasi uja wa kwa a Mphepo, wavomera kuti azititengera makalata. Uzikamupeza ku depoti.

Nkhani ndi iyi. Tamva kuti wasiya ntchito ya m'sitolo ya mafoni ija, ndipo tsopano umakhala m'nyumba n'kumasewera pa kompyuta, anthu n'kumakuonera. Amayi ako atamva anaganiza kuti ndi juga, tsiku limenelo sanadye. Ine sindinakwiye, koma sindinamvetse. Munthu amalipidwa bwanji chifukwa chosewera? Ine bawo ndasewera zaka zambiri pansi pa mango a pa msika, palibe anandipatsapo ngakhale mtedza wokazinga.

Sindikuletsa, ndiwe wamkulu. Koma tipangane monga amachitira alimi. Ndikupatsa nyengo imodzi ya fodya, kuyambira nazale ino mpaka msika wa fodya utatsekedwa. Ngati pofika nthawi imeneyo ntchito yakoyo ikukudyetsa ndi kukulipirira nyumba, sindidzatsegulanso pakamwa. Ngati ayi, udzalongedze katundu, ubwere udzagwire golosale ya amayi ako, poti maso awo ayamba kuvuta popereka chenji.

Undiyankhe, ndipo undifotokozere pang'onopang'ono ngati ukufotokozera mwana wa sitandade wani.

Ndine bambo ako,
Zakeyo


Area 25, Lilongwe
22 Okutobala 2023

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu ndi Amayi. Kalata yanu ndalandira, ikununkha dizilo ndi nsomba zouma. Ine ndili bwino. Auzeni Amayi adye, si juga.

Pali gemu ina ya ulimi imene inapangidwa ndi kampani ya kutsidya la nyanja. Munthu amapatsidwa munda pa kompyuta, n'kumalima, kuweta ndi kugulitsa. Ine ndimasewera n'kumajambula, uku ndikuyankhula m'Chichewa. Ababa, mutaona ulimi wake mukhoza kugwa pa mpando. Chimanga chimacha munthu asanamalize kumwa tiyi. Mvula imabwera tsiku limene yalonjeza. Ng'ombe sizilowa m'munda wa mnansi, ndiye kulibe milandu. Feteleza ungodina batani wafika, osagona pa mzere. Ntchito yanga ndi kunena zimenezi mokweza. Ndimamufunsa mlimi wa m'gemuyo kuti, “Achimwene, mbuzi za apongozi anu zili kuti? Nanga anankafumbwe munawapatsa tchuthi?” Anthu amaseka, makamaka a kwathu kuno amene ali ku Joni. Amati ndimawakumbutsa kumudzi.

Ndalama zimabwera motere. Kanema wanga asanayambe pamabwera zotsatsa malonda, monga zimachitikira pa wailesi mpira usanayambe. Otsatsawo amalipira eni tsamba la pa intaneti limene ndimayikapo makanema, eni tsambawo n'kundigawirako. Owonera akachuluka, gawo langa limakulanso. Mwezi watha zinakwana lendi ndi magetsi, ndipo kawiri ndinadya nyama.

Pangano lanu ndalivomera. Koma ndikuuzeni zoona, golosale ya Amayi ndimaikonda ndikabwera kudzacheza, osati kukhalamo. M'sitolo ya mafoni ndinkangoyang'ana wotchi tsiku lonse. Ntchito iyi ndi yoyamba imene ndimadzuka ndikuifuna.

Ndatumiza shuga ndi mafuta opaka msana. Ngati mtedza udakalipo, Moffat ali ndi malo pansi pa mpando.

Mwana wanu,
Mervis


Area 25, Lilongwe
3 Disembala 2023

Ababa,

Moni nonse kumeneko. Ndamva pa wailesi kuti mvula yagwa ku Kasungu, ndiye ndikudziwa muli kalikiliki kuwokera. Sindikanakusokonezani, koma zandivuta.

Lachiwiri ndinalandira uthenga kuchokera kwa eni tsamba. Kampani yopanga gemu ija yadandaula kuti zithunzi ndi nyimbo za m'makanema anga ndi zake. Makanemawo sanawachotse. Anthu akuonerabe, zotsatsa malonda zikubwerabe, koma ndalama zake tsopano zikupita kwa kampaniyo. Zonse, Ababa. Ine ndikutsala ndi ndemanga za anthu ndi bilu ya magetsi.

Gemuyo ndinagula, sindinabe. Kompyuta ndi yanga, mawu ndi anga, nthabwala ndi zanga, zina ndi zanu zimene ndinkakumverani m'chigafa. Anthu a ku Joni aja sabwera kudzaona ng'ombe zojambula, amabwera kudzandimva ine. Ndisanayambe ine, ndani kuno ankaidziwa gemu imeneyi? Ndawatsatsira malonda kwaulere, kuthokoza kwake ndi kumeneku.

Ndakwiya, komanso ndikuchita mantha, chifukwa pangano lathu likuyenda. Musawauze Amayi mpaka mutamaliza kuwokera. Mundilangize.

Mervis


Chulu, Kasungu
21 Disembala 2023

Mervis mwanawe,

Uli bwanji? Chilembere mwezi wa Okutobala uli zii. Abambo ako akuti mwina watanganidwa ndi kukolola chimanga chako cha m'kompyuta. Ife tili bwino, tamaliza kuwokera ndipo fodya wagwira. Mafuta aja anandithandiza, ngakhale abambo ako akuti chimene chachiritsa msana ndi kutha kwa nazale.

Ndakuona, mwana wanga. Mayi Olive, akazi a aphunzitsi aja, ali ndi foni yaikulu, anandionetsa tikutuluka ku Chigwirizano. Pamene unkamukalipira mlimi uja kuti wagulitsa nkhuku zonse osasiyako ya alendo, ndinaseka mpaka chitenje chinamasuka. Pakamwa pako ndi pa achemwali anga a ku Santhe penipeni, posatopa.

Tsono tamvera zimene tachita. Mayi Olive atawerenga kalata yako ya Okutobala ija anatifotokozera kuti owonera akachuluka, ndalama zakonso zimachuluka. Ndiye amayi a Chigwirizano tinapangana. Lachinayi lililonse tikatha mapemphero timasonkha ya bandulo, n'kukhala pa khonde la tchalitchi, foni n'kuitsamiritsa pa buku la nyimbo. Timakhalapo ambiri, mabenchi onse kudzaza. Ena amabwera ndi ana ndi apongozi omwe kuti chiwerengero chikwere. Zotsatsa malonda zija zikayamba ndimalamula kuti aliyense akhale chete ayang'anitsitse, poti pamenepo ndi pamene pali chakudya cha mwana wanga. Taonera za sopo, za inshuwalansi ya galimoto, ngakhale za mafuta a tsitsi la azungu, osaphethira. Sabata yatha a kwaya nawonso anabwera.

Ndiye usadabwe ukaona ndalama zachuluka mwezi uno. Si matsenga, ndi amayi a ku Chulu.

Abambo ako amati alibe nazo ntchito, koma Lachinayi lililonse amapeza chifukwa chodzera kutchalitchi, ati akukaona ngati denga likudontha. Denga limenelo anakonza okha chaka chatha.

Ubwera pa Khirisimasi? Ukalephera, tumizako kalata ndi mchere wa m'paketi.

Amayi ako,
Feliya


Area 25, Lilongwe
9 Januwale 2024

Amayi ndi Ababa,

Mwalowa bwanji chaka? Kalata ya Amayi ndinaiwerenga nditakhala pa bedi. Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinasekanso. Zikuoneka kuti yanga ya kumayambiriro kwa Disembala simunailandire. Ndamufunsa Moffat, akuti minibasi inafera pa Mponela, ili ku galaja, ndipo kalatayo ili momwemo. Iye akuyendetsa ya mnzake ndipo anaiwala.

Amayi, ndikuuzeni zinthu ziwiri, musakhumudwe. Choyamba, makina owerenga owonera saona anthu, amaona foni. Kaya pa khonde pali Chigwirizano chonse ndi kwaya ndi apongozi, kwa iwo ndi munthu mmodzi, Mayi Olive. Chachiwiri ndi chowawa. Kuyambira kumapeto kwa Novembala ndalama za zotsatsa malonda sizikubwera kwa ine. Kampani yopanga gemu inazitenga zonse, ati zithunzi ndi zake. Ndiye kangachepe kamene munkakolola Lachinayi lililonse kankawoloka nyanja.

Musasonkhenso ya bandulo chifukwa cha ine, chonde. Gulani sopo weniweni. Koma dziwani kuti chaka chathachi palibe chinandisangalatsa kuposa kuganiza za inu mutayang'anitsitsa inshuwalansi ya galimoto, pomwe pa khonde lonselo galimoto ndi njinga ya abusa. Muwathokoze amayi onse mmodzimmodzi.

Pa Khirisimasi sindinabwere chifukwa ya thiransipoti inalowa ku lendi. Pakali pano ndikukonza mafoni a anthu pa khonde kuti ndipeze ya ndiwo. Makanema sindinasiye.

Ababa, ndikudikira mawu anu. Kodi kampaniyi ili ndi ufulu wodya thukuta langa?

Mwana wanu,
Mervis


Chulu, Kasungu
28 Januwale 2024

Mervis,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi, ina ili ndi girisi. Tili bwino. Fodya wafika m'chiuno, ndipo ndikukonza chigafa tisanayambe kuthyola.

Wafunsa funso, ndiyankha, ngakhale yankho silikukomera. Ukudziwa kuti ine kuno ndinabwera kuchokera ku Phalombe ngati tenanti, pa lole ya esiteti, ndili ndi mphika ndi bulangete. Mwini esiteti ankapereka munda, mbewu, feteleza ndi chimanga chodya. Ife tinkapereka misana. Pokolola, fodya yense tinkagulitsa kwa iye pa mtengo wonena iye, atachotsa zonse tinadya. Zinkawawa. Koma sindinganame kuti mundawo unali wanga. Popanda munda wake, khasu langa likanalima m'mwamba.

Iwenso mwana wanga ndiwe tenanti, kungoti wa pa foni. Ng'ombe zimene umazisekazo anajambula ndi anthu, ndipo nawonso ali ndi ana ofuna kudya. Ukuti gemu unagula. Inde. Nanenso ndikalipira mpando mu minibasi ya Moffat, si ndiye kuti ndiyambe kukweza anthu anga n'kumatolera ndalama.

Cholakwa chako n'chakuti unalowa m'munda wa eni osapangana nawo. Tenanti wanzeru amamva mtengo asanagwire khasu. Cholakwa chawo n'chakuti atenga zonse. Ngakhale bwana wouma mtima kwambiri amene ndinamugwirirapo ankasiyako kanthu, poti ankadziwa kuti tenanti wanjala chaka chamawa sabwerera. Ndiye usamangolira pa khonde. Alembere mwaulemu, uwauze zimene wawabweretsera, upemphe gawo lako.

Pangano lathu lili pomwepo, sindinalisinthe.

Bambo ako,
Zakeyo

Ndawonjezera ine amayi ako. Usawamvere kwambiri abambo ako pa za eni minda. Munda umene akulimawu ndi wa kwathu, anaupeza pa ukamwini, koma sindinawalandepo ndalama yonse ya fodya n'kuwasiyira thukuta. Amayi a Chigwirizano akwiya kwambiri. Mayi Olive akuti chibadwire sanagwirepo ganyu kwa munthu amene sanawapatse ngakhale moni. Lachinayi tikuonerabe, kungoti zotsatsa malonda zikayamba timatembenukira kumbali n'kuyamba nyimbo.


Area 25, Lilongwe
10 Malichi 2024

Ababa,

Moni nonse. Ndachedwa kuyankha dala, Moffat ulendo uno alibe mlandu. Ndinakwiya nanu. Ndinkayembekeza kuti munthu amene anadziwa kuwawa kwa utenanti akhala mbali yanga, koma inu munayamba kuyankhulira bwana.

Kenako tsiku lina ndinafika kumapeto kwa gemuyo, pamene amalemba mayina a anthu amene anaipanga. Nthawi zonse ndimadumpha, koma ulendo uno ndinawerenga. Mayina ambirimbiri. Wina anajambula mitambo, wina matope, wina ntchito yake inali kulira kwa nkhuku basi. Ndinaganiza kuti nawonso mwina ali ndi amayi awo owafunsa ngati si juga. Mkwiyo unachepako. Sindikuti kampani ikhoza kutenga zonse, koma ndavomera kuti munda si wanga.

Komabe fanizo lanu la minibasi lili ndi bowo. Ine sindinamulande Moffat okwera, ndamuyitanira. Anthu ambiri andilembera kuti anagula gemuyo ataona makanema anga. Ndine woyitanira wa pa depoti, ndipo woyitanira minibasi ikadzaza amapatsidwa yake.

A kampani aja ndawalembera monga munanenera, mwaulemu woti mukanandinyadira. Ndinawatchula mabwana kawiri konse. Sanayankhe, ndikudikira.

Owonera akuchulukabe. Sabata yatha ndinajambula mlimi wa m'gemu akugulitsa mbewu kwa wogula amene sikelo yake sinama. Ndinamupempha wogulayo kuti abwere kwathu adzatsegule tchalitchi, poti munthu wotere kwathu sitinamuonepo. Anthu atumizirana kanemayo kwambiri. Ndalama palibe, koma mtima uli m'malo.

Kusoka fodya kukuyenda bwanji? Ndasowa fungo la m'chigafa, ngakhale ndili mwana ndinkalithawa.

Mervis


Area 25, Lilongwe
19 Meyi 2024

Ababa ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo kusankha fodya sikunakutheni maso. A kampani aja ayankha.

Kalata yawo ndi yaulemu. Akuti anaona makanema anga, anapeza munthu wowamasulira, ndipo avomera kuti ndawabweretsera ogula. Akufuna tizigawana ndalama za zotsatsa malonda pakati ndi pakati. Akuti azinditumiziranso magemu awo atsopano asanatuluke. Nditawerenga pamenepo ndinavina ndekha m'nyumba.

Kenako ndinafika m'munsi. Kuti ndilandire gawolo ndiyenera kusayina kuti sindizinyoza kapena kuseka gemu yawo, ndipo kanema aliyense azimuona iwo kaye ndisanamutulutse. Akuti wowamasulira uja anawauza kuti ndinati mlimi wawo ali ndi manja osalala ngati a mlembi wa ku banki, ndipo sizinawasangalatse.

Ababa, mukachotsa kuseka m'makanema anga mutsala chiyani? Mtsikana wodina mabatani. Nditha kusayina, n'kumanena kuti chimanga chocha tiyi asanazizire n'chabwino kwambiri. Gawolo lingakwane lendi ndi chakudya, ndipo pa pangano lathu ndapambana. Kapena ndikane, ndipitirize kuyankhula momwe ndimayankhulira, ndalama zizipitabe kwa iwo mpaka nditapeza gemu ina ya eni ake omasuka n'kuyambiranso. Zimenezo sizingatheke msika usanatsekedwe. Pamenepo ndiye kuti ndalephera, ndipo ndibwera ku golosale monga tinapangana. Sindithawa pangano.

Andipatsa mpaka kumapeto kwa Julaye. Sindikudziwa chochita, ndipo ndatopa ndi kuganiza ndekha. Ndiuzeni.

Mwana wanu,
Mervis


Chulu, Kasungu
9 Juni 2024

Mervis mwanawe,

Tili bwino, kuzizira kokha. Abambo ako ali pa jeke kudinda mabelo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kalata yako anaiwerenga kawiri, anaipinda, n'kuiyika m'thumba la jekete. Ndikawafunsa akuti akuganiza. Ine sindingadikire kuti amalize kuganiza, ndiye ndalemba.

Sayina, mwana wanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Theka ndi theka, sunalipeze miyezi yonseyi. Kodi munthu sungaseke mumtima? Ine ndakhala ndi apongozi, ndikudziwa kuti munthu akhoza kunena kuti “ndiwo zakoma” uku akudziwa zoona, ndipo samwalira nazo.

Koma ndisakunamize. Nditawauza amayi a Chigwirizano, ena anagwirizana nane, ena ayi. Mayi Olive akuti ukasiya kuseka, iwo foni yawo sadzabweretsanso, chifukwa ulaliki tili nawo kale Lamulungu. Tinatsutsana mpaka abusa anatuluka kudzafunsa ngati pali maliro.

Ndiponso ndikuuze za mumtima. Ukakana n'kubwera kuno, ine sindidandaula. Ndakusowa. Chipinda chako muli matumba a mtedza, koma tsiku limodzi ndingachotse. Ndiye pena ndimafuna usayine kuti udye, pena ndimafuna ulephere kuti ubwere. Usandiweruze, ndine mayi.

Uvale zofunda. Lilongwe mwezi uno saseka ndi munthu.

Amayi ako,
Feliya


Chulu, Kasungu
14 Julaye 2024

Mwana wanga Mervis,

Moni. Tili bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalibe yankho, ndipo sindifuna kulemba pepala lopanda kanthu.

Sabata yatha ndinaperekeza mabelo athu ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Malole anali ambiri, ndiye podikira ndinakakhala pa mthunzi wa lole ina ya esiteti. Pamwamba pa mabelo panali matenanti amene bwana wawo anawatuma kulondera katundu, amuna akuluakulu a kwathu kummwera, ndinawadziwira kayankhulidwe. Anaunjikana pa foni imodzi yosweka galasi, akuseka. Ndinamva mawu ako ndisanaone nkhope yako. Unali kumupempha wogula wa sikelo yosanama uja kuti adzatsegule tchalitchi.

Ndinafunsa ngati munthu wosadziwa kanthu. Ndinati, “Kodi abale, gemu imeneyi dzina lake n'chiyani?”

Anayang'anana. Wamkulu wawo, a Prosper a ku Mulanje, anati, “Kaya, bambo. Ife timangoti tiyikeni za Mervis.”

Ndinati, “Nanga kampani yake?”

Iwo anati, “Ya chiyaninso? Ife timamvera mtsikanayu. Zimene ife timanong'onezana m'chigafa bwana akatuluka, iyeyu amazinena dzuwa likuwala, anthu n'kumaseka mpaka ku Joni.”

Ndinaganizira mawu amenewo njira yonse yobwerera. Maganizo anga a poyamba sindinasinthe. Munda ndi wa a kampani, ayenera kudyako, ndipo theka limene akupatsalo ndi labwino kuposa limene ine ndinalionapo pa esiteti. Koma bwana wathu ankatenga fodya basi. Sanatiuzepo nyimbo yoti tiziyimba posoka. Tinkamuyimba iye yemwe, mimba yake ndi sikelo yake, ndipo nyimbozo ndi zimene zinkatifikitsa madzulo. Awa akufuna kugula chinthu chimene ngakhale bwana wa esiteti sankachiyika pa mtengo. Usasayine. Uwayankhe mwaulemu kuti theka walilandira, koma pakamwa si pa msika. Akavomera, chabwino. Akakana, funafuna munda wina.

Pangano lija ndinalipanga ndine, ndipo ndalithetsa ndine. Usalongedze katundu. Golosale tipeza wothandiza. Moffat akubweretsera thumba la chimanga ndi mtedza kuti uzidya uku ukuyambiranso. Amayi ako ndawauza. Anati ndine wouma mutu ngati mwana wanga, kenako anakasankha okha mtedza wabwino.

Pali china chimene sindinawauze. Ndisanachoke pa lole paja, a Prosper ananditsitsira foni kuti ndione bwino. Ndinayang'ana kaye mabelo amene anakhalirawo. Onse anali ndi dzina la bwana, monga zinalili nthawi yanga. Zaka zonse ndinalima pa esiteti, masamba anga anawoloka nyanja pa dzina la munthu wina, langa silinalembedwepo pa belo ngakhale limodzi. Kenako ndinayang'ana pa foni, m'munsi mwa nkhope yako, ndipo ndinawerenga kuti Mervis Zakeyo. Sunandiuzepo kuti unalemba choncho. Ndinalira, mwana wanga, pamaso pa anthu osawadziwa, ndipo sindinachite manyazi.

A Prosper anafunsa ngati ndikukudziwa. Ndinati, “Zakeyo ameneyo ndine.” Ananditambasulira dzanja, ndinakwera, anandisunthira malo pamwamba pa belo, ndipo tinaonera limodzi mpaka mzere unayenda.

Ndine bambo ako,
Zakeyo